Kompyuta ya Windows 10: Kodi tiitaye, kapena tikhale nayo?

Ambiri a ife tili ndi laputopu pa nyumba, kapena timagwiritsa nchito kompyuta ya ku nchito, ya kusukulu, ngakhale ya mlembi wa mpingo. Makompyuta oculuka mwa amenewa amayendera Windows 10, imene kampani ya Microsoft inatulutsa mu July 2015. Pa 14 October 2025 kampaniyi inaleka kuisamalira. Pa nkhaniyi timamva maganizo awiri. Ena akuti kompyuta yotere yatha nchito, tigule ina. Ena akuti ndi macenjera a amalonda cabe, pakuti yao ikuyaka ndi kulemba monga kale. Maganizo onsewa angatitayitse ndalama, motero tiyeni tione cimene cinasintha kwenikweni.

Cimene cinatha ndi ciani?

Kompyuta siinafe pa tsikulo. Ikuyaka, makalata ndi zithunzi zathu zilipo, pulinta ikusindikiza. Cimene cinatha ndi ma update a citetezo. Windows ndi pulogalamu yaikulu kwambiri, ndipo nthawi ndi nthawi mumapezeka zolakwika zimene akuba a pa intaneti angalowerepo. Pa Laciwiri laciwiri la mwezi uliwonse, Microsoft imatumiza zotsekera mipata imeneyi. Zili ngati mmisiri amene anali kubwera mwezi ndi mwezi kudzakonza maloko ndi mawindo a nyumba. Tsopano waleka kubwera. Nyumba siinagwe, koma loko ikathyoka ikhala yothyoka.

Vuto limakula ndi nthawi. Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana m'mbali zambiri za mkati. Microsoft ikatseka mpata mu Windows 11, akuba amaphunzira pamene panali mpatawo, ndi kukaufuna mu Windows 10, kumene palibe autseka.

Phunziro la mu 2017

Zimenezi sizongoopseza. Pa 12 May 2017, kavairasi ochedwa WannaCry anagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Anali kumanga mafaelo onse a munthu ndi kulamula kuti alipire madola 300 kuti amumasulire. Ku Britain, zipatala za boma za NHS zinakhudzidwa kwambiri, mwakuti odwala masauzande anabwezedwa osaonana ndi dokotala. Comvetsa cisoni ndi cakuti Microsoft inali itatumiza kale cotsekera mpata umenewo mu March caka comweco. Makompyuta amene anagwidwa ndi aja amene sanaikidwe update imeneyo.

Palinso vuto lina lobwera pang'onopang'ono. Opanga mapulogalamu ena nawonso amayamba kuisiya Windows yakale. Windows 7 inaleka kusamalidwa mu January 2020, ndipo pofika kuciyambi kwa 2023 Google inaleka kupanga Chrome watsopano woyenda pa iyo. Amene timalemba ndi Office 2016 kapena Office 2019 tidziwenso kuti nazonso zinaleka kusamalidwa pa tsiku lomwelo la 14 October 2025.

Tiyambe taona cimene tili naco

Tisanacite ciliconse, tikopere mafaelo ofunika pa fulashi kapena pa hard drive ya padera, ndi kuisunga kutali ndi kompyuta. Mabuku a ndalama, masetifiketi, zithunzi za ukwati ndi nchito ya ana ya kusukulu zisakhale pa malo amodzi okha.

Cotsatira, tikanikize batani la Windows pamodzi ndi cilembo R, tilembe liu lakuti winver, ndi kukanikiza Enter. Kabokosi kadzationetsa Windows imene tili nayo. Ngati ndi Windows 10, pulogalamu yaulere ya Microsoft yochedwa PC Health Check idzatiuza ngati kompyuta yathu ingalandire Windows 11. Ngati ingalandire, kusamukako ndi kwaulere malinga Windows yathu ili ndi laisensi yeniyeni. Cofunika ndi mabando okwanira kapena Wi-Fi, ndiponso nthawi imene malaiti sazima, cifukwa kompyuta ikazima pakati pa nchitoyi ingavute kuyakanso.

Cifukwa ciani ena amakanidwa?

Windows 11, imene inatuluka mu October 2021, imafuna RAM yosacepera 4 GB, malo osungira okwana 64 GB, ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, kamene kamasunga makiyi a cinsinsi a kompyuta. Imafunanso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, nthawi zambiri ndi kuyambira m'badwo wa nambala 8, umene unayamba kugulitsidwa mu 2017, ndipo kwa AMD ndi kuyambira Ryzen 2000. Ndiye cifukwa cake laputopu yolimba bwino, yothamanga ndithu, ingathe kukanidwa. Nthawi zina TPM imakhala ilimo koma yozimitsidwa, ndipo wokonza makompyuta angaiyatse mwamsanga.

Njira za amene akanidwa

Njira yoyamba ndi yogula nthawi. Microsoft inakonza pulogalamu yochedwa Extended Security Updates, yopatsa anthu wamba ma update a citetezo mpaka pa 13 October 2026. Mtengo wake ndi madola 30, koma munthu angalowemo kwaulere ngati avomera kusunga ma setting ake mu akaunti ya Microsoft. Windows 10 yake iyenera kukhala ya mtundu wa 22H2. Iyi ndi nthawi yokonzekera cabe, yosonkhanitsa ndalama kapena kuphunzira njira ina.

Njira yaciwiri ndi kucotsa Windows ndi kuikamo Linux, imene ndi yaulere ndipo imalandira ma update ngakhale pa makompyuta akale. Mitundu yosavuta kwa oyamba ndi Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu inayamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liu lija limene ife timati umunthu. Pa Linux tingathe kulowa pa intaneti, kutumiza maimelo, kuonera mavidiyo, ndi kulemba ndi LibreOffice, imene imatsegula mafaelo a Word ndi Excel. Koma si mapulogalamu onse a Windows amene amayenda pamenepo, maka-maka ena owerengera ndalama, ndipo mapulinta ena amavuta. Ubwino wake ndi wakuti tingaiyese kucokera pa fulashi tisanafufute kalikonse.

Njira yacitatu ndi kuipatsa nchito yosafuna intaneti: kulemba makalata, kuonetsa zolembedwa pa projekita, kapena kuphunzitsira ana kutaipa. Kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti ili pa ngozi yocepa, malinga tisamale ndi mafulashi a eni amene timalowetsamo. Cimene tiyenera kupewa ndi kulowa ku akaunti ya kubanki, kapena kusunga mapasiwedi ndi manambala a NRC a anthu, pa kompyuta imene ilibenso citetezo.

Pali ena amene amakakamiza Windows 11 kulowa pa kompyuta yosayenera. Zimatheka, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere adzalandira ma update nthawi zonse. Tisapusitsidwe poona kuti pa sikirini palembedwa Windows 11.

Kwa amene afuna kugula

Ambiri a ife timagula malaputopu ogwiritsidwapo kale nchito ocokera kunja, ndipo palibe colakwa pamenepo. Koma pamene makampani a kumaiko ena akusintha makina ao, tiyembekezere kuti akale oterewa aculuka pa msika pa mtengo wokopa. Safunsa anadya phula. Tipemphe wogulitsa ationetse dzina lonse la purosesa, osati cabe kuti ndi Core i5. Pa mapurosesa ambiri, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imaonetsa m'badwo: i5-6300U ndi wa 6, i5-7200U ndi wa 7, pamene i5-8250U ndi wa 8. Pa ya manambala asanu, manambala awiri oyamba ndiwo amaonetsa m'badwo: i5-10210U ndi wa 10. Core i7 ya m'badwo wa 6 siiyenera Windows 11, pamene Core i3 ya m'badwo wa 8 iyenera.

Motero tisathamangire kukongola ndalama cifukwa ca mantha, ndiponso tisangokhala ngati palibe cacitika. Sabata ino tipatule ola limodzi, tikopere mafaelo, tione Windows imene tili nayo, ndi kusankha njira yolingana ndi thumba lathu. Acinyamata odziwa zimenezi athandizeko makolo ndi agogo, pakuti iwo ndiwo amasunga zolembedwa zofunika kwambiri za banja.