Nthochi ya mlendo, chimanga cha mlimi

Mwezi wa February ukafika, chimanga chitamasula ngayaye n'kuyamba kubereka, mabanja a ku Domasi amene minda yawo ili m'tsinde mwa phiri la Malosa sagona mokwanira. M'bandakucha wina amakhala atanyamuka kale, legeni m'khosi, chitini chakale m'manja, galu pambuyo. Akupita kukalinda anyani. Akangochedwa pang'ono amapeza mapesi atagona, dowe ali mbwee pansi, aliyense wolumidwa kamodzi kokha. Nyani akalowa m'munda sathyola choti akhute nacho basi. Amathyola, kuluma, kutaya, n'kuthamangira phesi lina.

Chigwa cha Domasi chili pakati pa mapiri awiri, la Zomba kumwera ndi la Malosa kumpoto, ndipo mtsinje wa Domasi umatsika pamenepo kulowera ku nyanja ya Chilwa. Mapiri onsewa ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. Anyani, apusi ndi nchima akhala m'menemo kuyambira kalekale, Alexander Hetherwick asanadzatsegule mishoni ya Domasi mu 1884. Kuba m'minda si kwatsopano, makolo athu ankamanganso nsanja zolindira. Chatsopano ndi nyani amene munthu akamukuwira amangomuyang'ana, n'kukhala pansi kupitiriza kudya.

Nyani wotere amachita kuphunzitsidwa, ndipo aphunzitsi ake ambiri sadziwa kuti akuphunzitsa. Kwerani pamwamba pa phiri la Zomba tsiku Loweruka, kumene anthu amakapumula pafupi ndi Ku Chawe, ku damu la Mulunguzi kapena ku Emperor's View. Galimoto ikaima, wina amatulutsa nthochi kapena buledi, kuponyera nyani, mnzake n'kujambula pa foni kuti akaike pa Facebook. Onse amaseka. Nyaniyo watola phunziro loti munthu ndi chakudya zimayendera limodzi. Mawa adzasendera pafupi. Sabata yamawa adzatsomphola jumbo m'manja mwa mwana. Akatero ndiye anthu omwewo amayamba kunena kuti anyani a kuno ndi achipongwe.

Dzala ndiye sukulu yaikulu kuposa nthochi yoponyedwa. Nyani wa m'tchire amatha tsiku lonse akufukula mizu, kutola nthangala, kugudubuza miyala kufuna tizilombo. Pa dzala la malo ogona alendo amapeza mkute wa nsima, makoko a zipatso ndi mafupa a nkhuku, n'kukhuta pa mphindi zochepa. Ndani angabwererenso ku mizu? Ana a m'gululo amaonera akuluakulu. Komanso mwa anyani, mwamuna akakula amachoka m'gulu lomwe anabadwira n'kukalowa lina, choncho amene anazolowera anthu pa msasa wa alendo amatha kunyamula khalidwelo kupita nalo kutali ndi kumene analiphunzira.

Wophunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire, monga a ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, akamapita kukayeserera ntchito amalota mfuti, yunifolomu ndi mapazi a mkango. Koma pa nkhani ya anyani, ntchito yeniyeni ndi ya zivindikiro za mabini, yotseka mawindo a khitchini, yokwirira dzala, ndi yovuta kwambiri ija: kuima pamaso pa bambo wamkulu amene walipira ndalama zake, n'kumuuza mwaulemu kuti, bambo, chonde musadyetse. Kupirikitsa nyani n'kwapafupi poyerekeza ndi kudzudzula mlendo wa galimoto yaikulu pamene iwe uli mwana wa sukulu wopanda ngakhale malipiro.

Vutoli si lathu lokha. Ku America kuli zimbalangondo, ndipo ku paki ya Yellowstone kunali nthawi imene anthu ankakhala pa mabenchi n'kumaonerera zilombozo zikudya pa dzala ngati akuonera mpira. Akuluakulu a pakiyo anatseka madzala omaliza cha m'ma 1970. Zimbalangondo zomwe zinazolowera zinayamba kulowa m'misasa ya alendo, ndipo zambiri zinaphedwa m'zaka zotsatira, mpaka kunadzakula mbadwo wina wosadziwa kukoma kwa zotsala za munthu. Ku paki ya Yosemite, wogona mu tenti amalamulidwa kutsekera chakudya chake m'bokosi lachitsulo. Abale athu amene akugwira ntchito ku Cape Town angakuuzeninso za anthu olembedwa ntchito yotsatira magulu a anyani tsiku lonse, kuwabweza asanalowe m'nyumba za anthu, ndi za mabini okhala ndi loko. Konseko anazindikira kuti kuwombera kapena kusamutsa nyama imodzi sikuthetsa kanthu ngati chakudya chikadali poyera. Wina amangolowa m'malo mwake.

Anthu a ku Domasi akamva za paki ya Liwonde amaona ngati anzawo ali ndi mwayi. Pakiyo ili pafupi ndi msewu wa M3, ulendo wosakwana ola limodzi. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo linamanga mpanda wamagetsi wa makilomita opitirira 100. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinachotsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Ngakhale kumeneko nkhani sinathere pa galimoto yonyamula njovu, chifukwa anthu a m'malire a Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za mbewu zoonongedwa ndi miyoyo yotayika. Komabe njovu ili ndi oilankhulira, ili ndi ndalama za mabungwe, ili ndi helikopita. Nyani alibe zimenezo. Sasowa kuti wina amulirire, sakoka alendo ochokera kunja, ndipo mpanda saumvera. Phiri la Zomba ndi la Malosa ndi nkhalango za nthambi ya zankhalango, yomwe maso ake ali pa mitengo, pa moto ndi pa makala. Mlimi wa chinangwa sadziwa n'komwe khomo loti akagogode.

Tinene chilungamo, nafenso a m'chigwa tili ndi gawo lathu. Matumba a makala amene amatsika pa njinga m'mawa uliwonse anali mitengo ya masuku, nkhuyu ndi zipatso zina zomwe anyani ankadya. Minda nayo yakwera phiri chaka ndi chaka, mpaka chimanga chikugundana ndi matanthwe amene anyani amagonamo. Nyani watayidwa ndi nkhalango yake, ndipo m'munsi mwake muli munda wobiriwira.

Amene amalipira kwambiri ndi amayi ndi ana. Nyani amasiyanitsa anthu. Akaona mwamuna wamkulu amathawa, akaona mayi kapena mwana amayesa mwayi, nthawi zina mpaka kuonetsa mano ake aatali aja. Koma bambo ali ku ganyu kapena ku tauni, choncho wolinda amakhala mwana wa sitandade 5. Nyengo ya dowe imagwera pakati pa teremu yachiwiri. Aphunzitsi adzapeza mabenchi opanda anthu, ndipo mu rejisitala mudzangolembedwa kuti wajomba.

Dzuwa likapendeka, gulu la anyani limayamba kukwera kubwerera ku matanthwe. Mwana uja amatsika pa nsanja, mawu atasasa chifukwa chokuwa tsiku lonse, n'kutola dowe wolumidwa amene angathe kuwotchedwabe. Kope lake lili m'jumbo, pansi pa mtengo, momwe analisiya m'mawa.