Gasi wa aircon satha, amathawa: zimene ndinaona ku Zingalume

Mukamva kondakita akuitana kuti "Zingalume! Zingalume!" mtauni, ambiri mumaganiza za komboni ya muno mu Lusaka, kufupi ndi George. Koma kulinso Zingalume wina, dera la Mfumu Zingalume m'boma la Chadiza, ndipo n'kumene ndinali mu October. Ndinapita kukaona amalume, ndinabwerako ndi nkhani ya aircon.

Amalume ali ndi ka Toyota Vitz kamene amanyamulira anthu kucoka m'midzi kupita ku boma, nthawi zina mpaka ku Chipata. Mu October ukatseka mawindo umapsa, ukatsegula umadya fumbi. Odwala opita ku cipatala ndi azimai a makanda amasankha motoka yozizira. Aircon ikafa, makasitomala amakwera ya mnzako.

Caka cino amalume anali atadzazitsa gasi katatu ku Chipata. Ulendo uliwonse mphepo inali kuzizira milungu iwiri cabe, kenako n'kubwerera mwakale.

"Iwe mwana, kamotoka aka kamamwa gasi kuposa petulo," anandiuza atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango. "Manje ndalama ya feteleza ndiyo ikuthera mumphepo."

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Gasi wa aircon sapsa monga petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kucoka ku kompresa, kupita ku kondensa kutsogolo kwa radiyeta, kulowa mkati mwa dashboard, n'kubwereranso. Ngati watha m'milungu iwiri ndiye kuti pali pamene akuthawira. Kudzaza musanatseke bowo n'kutungira madzi m'dengu.

M'mawa mwake tinatsegula boneti injini ili yozimitsidwa ndi yozizira. Zida zathu zinali sopo wotsukira mbale, madzi, kabotolo kopopera ndi toci ya pafoni.

Coyamba tinafunafuna mafuta. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompresa, conco pamene akuthawira pamakhala kadontho konyowa kamene fumbi lamatirira. Ku Chadiza fumbi silisowa, ndiye cizindikiro cimaoneka msanga. Tinayang'ana polumikizira mapaipi ponse, pa mapaipi a labala, kutsogolo kwa kompresa, ndi pa timavavu tiwiri todzazira gasi, timene timafanana ndi vavu ya tayala. Tinaunikanso kondensa, cifukwa pa msewu wa miyala ndiyo imayamba kulandira mwala.

Kenako tinapopera madzi a sopo. Njira iyi imagwira nchito ngati mukali gasi pang'ono mkati. Polumikizira paipi ndi kondensa, thovu linayamba kutukumuka pang'onopang'ono monga pa cubu ca njinga. Amalume anaseka mpaka kugwira m'mutu. Wakuba anali kamphira kozungulira kochedwa O-ring, kosaposa mphete ya pacala, kamene kanauma n'kung'aluka.

Mverani bwino apa, cifukwa ndi pamene ena amadzipweteka. Musamasule paipi iliyonse mukali gasi. Motoka zambiri zakale zocokera ku Japan zimene tili nazo zimagwiritsa nchito R134a, gasi amene amawira pa -26°C. Akakupoperani pa dzanja amaocha khungu ndi kuzizira, akalowa m'diso mungalitaye. Ndiponso si wongotayira m'mwamba. Gasi wakale wa R12 analetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987 cifukwa anali kuononga ozoni. R134a saononga ozoni, koma kilo imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilo 1,430 a carbon dioxide. Muno m'dziko, bungwe la ZEMA ndilo limayang'anira za magasi amenewa.

Conco ife tinalemba cizindikiro pamalopo ndi choko, tinajambula pafoni, n'kutseka boneti. Patapita masiku awiri tinali ku Chipata kwa makanika wina wa mafiriji ndi ma aircon. Amalume sananene kuti "dzazani gasi" monga kale. Anati, "Bowo lili apa."

Makanika anacotsa gasi wotsala, n'kuika O-ring yatsopano yobiriwira, imene anaipaka mafuta a kompresa. Kamphira wamba ka pampopi wa madzi sikalimba pamenepo. Atamanga, analumikiza pampu yokoka mpweya kwa mphindi pafupifupi 30. Pampu imeneyi imacotsa mpweya ndi cinyezi, pakuti cinyezi cikatsala mkati cimaundana n'kutseka njira, komanso cimadya mapaipi. Anazimitsa pampu, tonse n'kuyang'anitsitsa geji. Singano sinasunthe. Ndi pamene anadzaza gasi pa sikelo, kutsatira magalamu olembedwa pa kacipepala ka pansi pa boneti. Kamotoka kang'ono sikafuna wambiri, nthawi zambiri pafupifupi hafu ya kilo kapena kucepera. Mukapitiriza muyeso, kompresa imavutika ndipo mphepo sizizira bwino.

Pali zina zimene mungathe kumaliza mweka pakhomo. Madzi odontha pansi pa motoka aircon ikamagwira nchito si vuto, ndi cinyezi ca mumpweya. Koma akayamba kunyowetsa kapeti kumapazi kwa wokwera kutsogolo, ndiye kuti kapaipi kotulutsa madzi katsekeka ndi matope. Kafuneni kunsi kwa motoka, mukatokose mosamala ndi kawaya kofewa. Kondensa ikadzala udzu ndi tizilombo, itsukeni ndi madzi osathamanga kwambiri. Onaninso fyuzi ndi lamba. Ndipo ngakhale mu June, yatsani aircon kwa mphindi 10 pa mlungu kuti mafuta ayende, timphira tisaume.

Zinthu ziwiri musayese n'komwe. Kompresa ikakana kuyaka cifukwa gasi wacepa, musailumphitse ndi waya. Swici imene yaizimitsa ikuiteteza, ndipo kompresa ndiyo yodula kuposa zonse. Cina, musalole munthu kukuikirani gasi wophikira ati ni wochipa. Amaziziritsa zoona, koma amayaka. Ganizani bowo lili mkati mwa dashboard, mawindo ali otseka, m'motoka muli ana.

Inu amene mukuwerenga muli pampando wakumbuyo wa minibasi, thukuta lili kamukamu, mwina mukusunga ya cilimba kuti mugule ka Vitz kapena ka Fit kanu. Tsiku limene mphepo idzayamba kufunda, musadzathamangire kudzaza. Yambani ndi sopo. Mukafika kwa makanika funsani mafunso atatu: bowo lili pati, mukoka mpweya kodi, nanga mudzaza magalamu angati? Akayankha kuti "tingoikamo cabe, bwana", tengani makiyi anu.

Ndinaimbira amalume mlungu watha. Mwezi wadutsa, mphepo ikali kuzizira. Dandaulo lawo manje ni lakuti okwera amagona m'njira, mpaka kupitirira pamudzi pawo.