Chikuku kapena mbereko? Khosi ndi chiuno cha khanda ndizo zimayankha

Minibasi yochokera ku Liwonde ikaima pa Domasi, mpando wa anthu atatu umakhala utanyamula kale anayi, pansi pali matumba a mpunga, ndipo kondakitala amakhala akuitanabe ena. Mayi wa khanda wopita ku Zomba amayenera kukwera mwachangu, dzanja lina lili pa mwana, lina pa chikwama cha matewera. Katundu aliyense woonjezera amakambirana mtengo wake pakhomo.

Ngakhale zili choncho, zikuku za ana zikuoneka m'dera lino. Ena amagula mumzinda, ena amazipeza pa kaunjika, ena amatumiziridwa ndi achibale a ku Joni. Makolo achinyamata, makamaka ogwira ntchito m'masukulu ndi m'maofesi ozungulira Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education, amakonda kundifunsa kuti chikuku chopepuka kwambiri, chokwera nacho minibasi, n'chiti. Ife a zamafupa tisanayang'ane chikukucho, timayamba tayang'ana thupi la amene akagonemo.

Khanda limabadwa ndi mutu waukulu: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa thupi lonse. Minofu ya m'khosi imakhala isanakhwime, moti mwana amayamba kuimika mutu bwinobwino akamakwana miyezi inayi, ndipo kukhala tsonga kumabwera cha pa miyezi isanu ndi umodzi. Mukamukhazika asanafike msinkhu umenewo, mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kukanikiza pachifuwa. Njira ya mpweya, yomwe kwa khanda ndi yopapatiza komanso yofewa, imapindika. Choopsa chake n'chakuti mwana sachita kulira. Amangooneka ngati wagona tulo tabwino.

N'chifukwa chake chikuku chopepuka kwambiri kawirikawiri sichikhala cha khanda. Mtundu umene umapindika ngati ambulera anaupanga ndi Owen Maclaren, injiniya wa ndege wa ku Britain, mu 1965, pogwiritsa ntchito timipope ta aluminiyamu. Choyamba chija chinkalemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo chinathandiza amayi a ku Ulaya kukwera basi ndi sitima. Koma mpando wake ndi wa nsalu yolendewera, wa mwana wokhala yekha. Zambiri za mtundu umenewu amazilemba kuti n'zoyambira miyezi 6, ndipo zikafika pa kaunjika kapepala kaja kamakhala katatayika kale.

Amene watsimikiza mtima kugula ayambe wagoneka mpandowo. Ugone thasa, kapena pang'ono pokha kuti ufike pamenepo, ndipo pansi pake pakhale polimba. Ngati sugona, chikukucho chidikire mwana akule. Malamba akhale ogwira malo asanu: mapewa awiri, mbali ziwiri za chiuno ndi pakati pa miyendo. Mabuleki ayesedwe pamalo otsetsereka, ndipo ku Zomba, kumene misewu yambiri imakwera kulunjika kuphiri, malo oyesera sasowa. Pa chikuku chakale, onani kachitsulo kamene kamaletsa kupindika chokha. Kakatha, chikuku chimatha kutsekeka mwana ali momwemo. Chizindikiro cha EN 1888 chikapezeka, chimasonyeza kuti mtunduwo unayesedwa motsata malamulo a ku Ulaya, ngakhale sichinena kanthu za zaka zimene chagwira ntchito.

Kenaka muchipinde ndi dzanja limodzi, muchinyamule, muyende nacho. Zopepuka zimene zimagonekanso khanda zimalemera makilogalamu 6 kapena 7, pamene zikuluzikulu zimapitirira 10. Matayala ndiwo amavuta kusankha. Ang'onoang'ono apulasitiki amayenda bwino pa simenti ya m'sitolo kapena pakhonde la ofesi, koma pa njira zafumbi zotsikira ku msewu wa M3 amakodwa pa mwala uliwonse, ndipo nthawi ya dzinja amatitimira m'matope. Aakulu amapirira njira zotere, koma ndiwo amachititsa kuti chikuku chikanike kulowa pansi pa mpando wa minibasi. Mwezi wa Okutobala umabweretsa vuto lina: kufunditsa chikuku chonse ndi chitenje pofuna mthunzi kumatsekera kutentha m'kati, ndipo mayi saonanso nkhope ya mwana.

Ngakhale chikuku chabwino chotani, m'minibasi chimakwera chopinda, mwana ali m'manja. Ulendo wa kusikelo kapena kutauni umabwerera ku nsalu ya mamita awiri imene agogo athu ankaidziwa kale, ndipo apa ndi pamene ntchito yanga ili ndi nkhani yosangalatsa.

Mfundo ya m'chiuno ili ndi mbali ziwiri: mutu wobulungira wa fupa la ntchafu, ndi kabowo ka m'fupa la chiuno momwe mutuwo umalowa. Pobadwa kabowoka kamakhala kosaya, ndipo mbali yaikulu ndi chichereŵechereŵe, fupa lenileni lisanapangike. Kamazama m'miyezi yoyamba ngati mutu uja ukukhala pakati pake. Zimenezi zimachitika bwino mwana akatangadza miyendo, mawondo atakwera kuposa matako, ngati mmene chule amakhalira. Miyendo ikawongoledwa n'kumangidwa pamodzi, mutu umakankhidwira m'mphepete, kabowo kamakhala kosayabe, ndipo nthawi zina fupa limaguluka. Mwana wotero amadzayenda motsimphina, ndipo akakula chiuno chimayamba kuwawa msanga.

M'mayiko ambiri vutoli limapatsa ntchito yaikulu madokotala a mafupa a ana. Ku Japan linali lofala kwambiri pamene makanda ankamangidwa miyendo itawongoka. Boma ndi madokotala ataphunzitsa makolo kusiya mchitidwewu m'zaka za m'ma 1970, chiwerengero chinatsika kwambiri. Kuno kwathu madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anafufuza mabuku awo a zaka khumi, okhudza ana oposa 40,000, ndipo sanapezemo khanda limene linabwera ndi zizindikiro za vutoli kapena kuchitidwa opaleshoni chifukwa cha ilo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015, ndipo ofufuzawo, kuphatikizapo Dr Linda Chokotho, analoza ku mbereko. Mwana wobelekedwa kumbuyo amakhala atakumbatira chiuno cha mayi ake ndi miyendo, maola ambiri pa tsiku, m'miyezi yeniyeni imene kabowo kaja kakupangika.

Kafukufuku wa m'mabuku a chipatala chimodzi sangathetse nkhani yonse, poti chibadwa cha mtundu wa anthu chimalowererapo. Komabe zimene anapeza zikugwirizana ndi mmene timachizira. Khanda losakwana miyezi 6 likapezeka ndi vutoli timaliveka malamba otchedwa Pavlik, amene ntchito yake ndi kugwira miyendo motangadza, mawondo ali m'mwamba, monga mmene mwana amakhalira kumsana kwa amake pa msika wa Songani.

Zomba ilinso ndi mbiri yake pa nkhani yonyamula ana pathupi. Chisamaliro cha kangaru, chomwe Dr Edgar Rey anachiyambitsa ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa chosowa makina ofunditsira ana, chinakhazikitsidwa pa Zomba Central Hospital mu 1999. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo amamangidwa pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, kuti azifunda, aziyamwa pafupipafupi ndiponso kuti mayi azimva kupuma kwake. Kafukufuku wa World Health Organization m'mayiko asanu, amene chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinachita nawo, anasonyeza mu 2021 kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti pakati pa ana obadwa ndi sikelo ya pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8. Mwana wotuluka m'chipinda cha kangaru malo ake ndi pachifuwa, ndipo chikuku cha mphatso chiyambe chasungidwa.

Mbereko nayo ili ndi malamulo ake, ndipo khosi lija silisintha chifukwa choti nsaluyo ndi yathu. Mwana wongotuluka kumene m'chikuta amayenda bwino ali kutsogolo, mutu uli pafupi ndi chibwano cha mayi, nkhope ikuoneka nthawi zonse. Pakati pa chibwano chake ndi chifuwa chake pazilowa chala. Nsalu ikoke ndithu, chifukwa yolobodoka imalola mwana kutsetserekera pansi n'kupindika. Akasamukira kumbuyo, chitenje chifike pankhongo kuti mutu usamagwedezeke iye akagona, koma chisaphimbe mphuno. Pansi chigwire ntchafu zonse mpaka kumawondo.

Nthawi imene ndimaida nkhawa kwambiri ndi masabata oyamba, pamene khanda limakulungidwa m'shawelo ndi bulangete. Mukhoza kukulunga manja ndi chifuwa, koma kumiyendo kuzikhala komasuka kuti azipinda mawondo ndi kupalasa. Pokwera minibasi, mayi asunthire mwana kutsogolo asanakhale pansi. Kutsamira mpando mwana ali kumsana, anthu atapanikizana, kumamufinya chifuwa. Za njinga yamoto ya kabaza palibe kamangidwe kamene ndingakuuzeni kuti n'kotetezeka kwa khanda. Ngati palibiretu njira ina yofikira pamsewu, woyendetsa auzidwe kuyenda pang'onopang'ono, ndipo pasakwerenso munthu wachitatu.

Kodi chikuku chilibe ntchito? Chili nayo. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka, wa mapasa, kapena wovutika msana amapumulirapo. Mwana akafika makilogalamu 10, kumubereka kuchoka pa depoti ya Zomba kukwera mtunda wopita kumaofesi a boma ndi ntchito yotopetsa, ndipo chikuku chopinda chija, chimene sichinkayenera pa sabata ziwiri, pa miyezi 9 chimakhala choyenera. Abambo ambiri amene amachita manyazi ndi chitenje amakankha chikuku mosavuta. Chofunika n'chakuti mwana asamakhalemo tsiku lonse. Akadzuka azigonekedwa chafufumimba pamphasa, wamkulu akumuyang'anira, kuti khosi ndi msana zilimbe.

Kusowa kwa vuto la chiuno kuno sikutanthauza kuti palibe mwana angalipeze. Limakonda ana aakazi, ana oyamba, obadwa motsogoza matako ndiponso a m'banja limene wina anali nalo. Posintha thewera, onani ngati mwendo wina ukukanika kutangadza ngati unzake, ngati wina ukuoneka waufupi, kapena ngati mizere ya khungu pa ntchafu ikusiyana kwambiri. Mukaona chimodzi mwa izi, nenani kwa namwino pa sikelo ya masabata 6, kaya ndi pa chipatala cha Domasi kapena pa St Luke's ku Malosa, kuti akutumizeni kwa a zamafupa. Likapezeka m'miyezi yoyamba, malamba ovala kwa masabata angapo amakwanira kwa ana ambiri. Likadikira mpaka mwana atayamba kuyenda, kawirikawiri limafuna opaleshoni ndi chikhakha.