Chitsulo chobisala mu mtedza wa ku Mchinji

Mukazula mtedza ku Mkanda kapena soya ku Kapiri, yang'anani timibulu ta pamizu. Muli mabakiteriya amene amakoka nayitirojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu, koma sangatero popanda chitsulo chotchedwa molybdenum.

Kumigodi ya ku Chile, China ndi America, chitsulochi chimachokera m'mwala wa molybdenite. Kawirikawiri mwalawu amauwotcha, ndipo umatulutsa utsi wa salufa wopweteka m'chifuwa. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a boma la America anayesa njira ya magetsi: kupera mwalawo, kuusakaniza ndi madzi amchere, n'kudutsitsamo magetsi. Mcherewo umatulutsa klorini, ngati amene mumathira m'madzi akumwa, ndipo iyeyo amasungunula chitsulocho kuti chisiyane ndi mwala.

Inu simufunika mgodi. Thupi limagwiritsa ntchito chitsulochi pophwanya zotsalira za mapuloteni, koma limafuna chochepetsetsa: mamaikulogalamu 45 patsiku kwa wamkulu, 17 kwa mwana wa zaka 1 mpaka 3. Nyemba, nandolo, soya ndi mtedza zimakwaniritsa zimenezi.

Wina akadzakutsatsani mapilisi a molybdenum a mwana, ndalamayo isungeni. Thirani nsinjiro m'phala lake.