Kwa Amene Akupita ku Blantyre Koyamba

Ambiri mwa ife a m'mbali mwa nyanja sitipita ku Blantyre kukaona malo. Chimatitengera kumeneko ndi matenda, mwana amene wasankhidwa kusukulu, kapena kukapikula katundu wa geni. Munthu amanyamuka mtima uli kale m'mwamba, ndipo tinthu tating'ono timene akanatidziwa akadali kumudzi timamudyera tsiku lathunthu pamodzi ndi ndalama zake.

Chofunika kuchimvetsa poyamba nchakuti dzina loti Blantyre likuphimba matauni awiri. Blantyre weniweni adayamba mu 1876, pamene amishoni a ku Scotland adakhazikika pamalopo. Limbe adakula pambuyo pake chifukwa cha njanji, ndipo awiriwa adaphatikizidwa mu 1956. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu. Pakati pa matauni awiriwa pali makilomita pafupifupi 8, ndipo msewu wowalumikiza ndi Masauko Chipembere Highway, dzina limene anthu a ku Malindi sasowa kuuzidwa kuti ndi la yani.

Wochokera ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba amayambira kufika ku Limbe. Wochokera ku Nkhotakota kapena Salima amadzera pa Balaka ndi pa Zalewa, nalowera ku Lunzu, ndipo basi zambiri zimakamutula ku Wenela, mbali ya Blantyre. Choncho m'bale wanu akanena kuti "ndikudikirani padepoti", mufunseni kuti depoti yake iti. Anthu awiri atha kudikirana mpaka dzuwa kulowa, wina ali ku Limbe wina ku Wenela, aliyense akudandaula kuti mnzake wamugwiritsa fuwa lamoto. Nambala ya m'baleyo ilembeni papepala ndi kuisunga padera, pakuti foni imatha moto, ndiponso imabedwa. Nyamukani m'mamawa kuti mukafike kukadali kowala; mlendo wofika usiku ndiye amagwa m'manja mwa aliyense womulonjeza kumuperekeza.

Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene aliyense amangochitcha Queens, chili pa Ginnery Corner, m'mbali mwa msewu waukulu uja, kufupi ndi Blantyre kusiyana ndi Limbe. Si minibasi iliyonse yochoka ku Limbe imene imadutsa pamenepo, popeza zina zimazungulira m'makwalala a Ndirande kapena Zingwangwa. Funsani kondakitala musanakwere, ndipo mumuuze kuti mukatsikira pa Queens. Chipatalachi chimalandira odwala otumizidwa kuchokera kuzipatala zina, kotero kalata ya dokotala wa kwanu, buku la kuchipatala la wodwalayo ndi chiphaso chaunzika zikhale m'chikwama chimene sichichoka pathupi panu. Wopita wopanda kalata, ngati si matenda a mwadzidzidzi, atha kuuzidwa kuti akayambire kuchipatala chaching'ono, ndipo ulendo wonse umakhala wapita pachabe. Wodwazika atenge mbale, kapu, kampoto ndi ndowa. Wina akakupezani m'khonde nanena kuti mumupatse kangachepe kuti akudutsitseni pamzere, mukaneni mwaulemu. Malipiro ovomerezeka amaperekedwa paofesi, ndipo amakhala ndi lisiti.

Kuzizira nako musakuchepetse. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pamwamba pa mamita 1,000, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu, ndipo nkhalamba yozolowera kutentha kwa ku Makanjira imavutika kwambiri pabenchi la chipatala. Juzi ndi bulangeti si katundu wolemetsa. M'dzinja, mvula ikalimba, musayese kuwoloka timitsinje ta mumzindamo. Madzi otsika m'mapiri amadzaza khwawa m'kanthawi kochepa. Zimene zidachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tonse tidazimva.

Ndalama zambiri zisungeni mu Airtel Money kapena Mpamba, m'thumba mukhale zoyendera zokha, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa kukampani. Chikwama musachipereke kwa oitanira basi musanadziwe galimoto imene mukwere. Wakabaza mugwirizane naye mtengo musanakhale panjinga.

Tsopano za Swala, pakuti apa ndi pamene timalandira mafunso ambiri. Allah adapeputsira wapaulendo, ndipo chilolezo chofupikitsa Swala chatchulidwa mu Surat An-Nisaa, ndime 101. Malinga ndi madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, ulendo wake ukhale wa makilomita pafupifupi 81 kapena kuposerapo. Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, choncho mtundawo wakwana. Wochokera mumzinda wa Zomba sunamukwanire. Dhuhr, Asr ndi Isha zimapempheredwa marakaa awiri, pamene Subh ndi Maghrib sizisintha. Nkololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha, ndipo zimenezi zimamuthandiza kwambiri munthu amene ali m'basi yosaima. Koma amene watsimikiza kukhala masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, ulendo wake watha pamene wafika, ndipo apemphere mokwanira. Wodwazika amene sakudziwa tsiku lotuluka, tsiku lililonse akuyembekeza kuti mwina mawa, atha kufupikitsa mpaka masiku 18. Mukaima kumbuyo kwa imamu wa pamalopo, malizani naye marakaa anayi. Kumudzi nyanja ndiyo imatiuza mbali, koma pakati pa mapiri ndi nyumba zosanja mutu umazungulira. Qibla ku Blantyre ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa: dzuwa la m'mawa likhale kudzanja lanu lamanja. Mizikiti iliko, ku Limbe ndi ku Blantyre komwe, ndipo Lachisanu fikani msanga chifukwa imadzaza.

Pa chakudya, mawu oti Halaal olembedwa ndi penti pakhoma si umboni. Funani satifiketi ya nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi, ndipo muone ngati masiku ake sanathe. Mukakayika, nsima ya nyemba, mazira kapena masamba sikusowa pamsika uliwonse. Nsomba ndiye nyamulani yanu. Mtengo wa usipa ku Limbe umamudabwitsa mwana wa msodzi.

Usipa womwewo ndi mphatso yabwino kwa amene mukafikireko, pamodzi ndi kathumba ka ufa kapena mpunga. Abale athu ambiri mumzindamo amakhala m'nyumba za lendi za zipinda ziwiri, amagula madzi, makala ndi ndiwo tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi sawalola kunena. Auzeni masiku angapo musananyamuke, muwauzenso kuti mukubwera angati ndiponso mukhala masiku angati.