UTOTO NDIWO KHUNGU LA GALIMOTO YANU

Alimi anzanga, masiku ano m'midzi yambiri muli anthu amene agula galimoto yonyamulira mbewu, ena paokha, ena mosonkherana. Ichi n'chokondweretsa ndithu. Koma ambiri a inu mumasamala injini ndi matayala okha, utoto mumauyesa chokometsera chabe. Iyayi, utoto ndiwo khungu la galimoto. Chitsulo chikakhala pamtetete, madzi ndi mpweya zimachigwira ndipo dzimbiri limayamba. Likaboola, ndalama zanu zidzathera kwa owotcherera, ndipo tsiku logulitsa galimotoyo wogula adzakudulani mtengo.

Dziwani kuti utotowu ndi wopyapyala kwambiri. Pa galimoto za makono pali miyalo itatu: woyamba wogwira chitsulo, wachiwiri wa mtundu, wachitatu woonekera ngati galasi. Yonse pamodzi kuchindikala kwake kuli ngati mapepala awiri a nyuzi ino. Tsono kanthu kotere kafunika dzanja lofatsa.

Adani a utoto kumudzi alipo anayi. Woyamba ndi matope: akamatirira kunsi ndi m'madigadi amasunga chinyezi masiku ambiri. Wachiwiri ndi feteleza, amene amakoka chinyezi monga uchitira mchere, nafulumizitsa dzimbiri. Wachitatu ndi zitosi za nkhuku ndi mbalame, pakuti zili ndi asidi amene amadya utoto zikaumira padzuwa. Wachinayi ndi utomoni wa mitengo. Chifukwa chake musaimike galimoto pansi pa mtengo umene nkhuku zimagonamo.

Nanga titsuke bwanji? Tsukani m'mawa kapena pamthunzi, chitsulo chisanatenthe, kuti sopo asaumirepo. Musapukute fumbi ndi nsanza youma, chifukwa m'fumbi muli mchenga wokanda utoto. Yambani mwathira madzi okhaokha kuti fumbi litsike. Khalani ndi ndowa ziwiri: ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu musanaiviikenso m'sopo. Yambirani padenga kutsikira pansi, matayala akhale omaliza, ndipo akhale ndi nsanza yawoyawo. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi waukali, amachotsa phula loteteza. Gulani sopo wa galimoto. Mukatha, umitsani ndi nsalu yofewa yoyera.

Tsiku limene mwanyamula feteleza, yalani tenti musanakweze matumba. Mukatsitsa sesani bwino, ndi kutsuka ndi madzi ambiri tsiku lomwelo. Koma musatsukire pamtsinje kapena pamjigo pamene anthu amatunga madzi akumwa.

Galimoto ikauma, yang'anani pamene pakandika mpaka chitsulo kuonekera. Pamenepo khulani ndi sandipepala kufikira dzimbiri litatha, pakani utoto wofiira uja wotchedwa red oxide, ndipo ukauma pakani utoto wa mtundu wake. Musapake phula pamwamba pa dzimbiri. Kutero n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tinene za phula. Phula la galimoto lambiri limachokera ku masamba a mtengo wa carnauba, wofanana ndi mgwalangwa, umene umamera ku Brazil. Limasungunuka pa madigiri oposa 80, pamene phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. N'chifukwa chake la njuchi siliyenera: limafewa padzuwa la October ndi kugwira fumbi. Pogula chenjerani, pakuti m'zitini zina muli mankhwala okhulira, amene amawalitsa mwa kupala utoto pang'ono. Amenewo si opaka kawirikawiri.

Tapani phula pang'ono pa kansalu kofewa, pakani mopyapyala chitseko chimodzi kapena mbali imodzi. Dikirani mpaka lichite mbuu, kenaka pukutani ndi nsalu ina youma kufikira pawale. Kuchulutsa phula sikuonjezera mphamvu, n'kutaya ndalama chabe. Utoto watsopano umene mwapaka pokandika paja uyambe wauma masabata angapo musanaupake phula.

Mudzadziwa bwanji kuti phula likugwirabe ntchito? Wazani madzi pachitseko. Akaima timadontho tozungulira monga achitira patsamba la koko, zili bwino. Akangoyala ponseponse, phula latha. Kawirikawiri limakhala miyezi 2 kapena 3. M'matauni muli mankhwala ena otchedwa ceramic amene amakhala chaka kapena kuposa, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo nawonso safuna kupakidwa pa litsiro.

Nthawi yabwino yopaka ndi mvula isanayambe, ndiponso pakati pa dzinja, matope atachuluka. Walira mvula walira matope, tsono konzekeranitu. Malangizo awa a dzimbiri agwiranso pa ngolo ndi njinga. Sabata ino gwadani, musuzumire kunsi kwa galimoto yanu, ndipo matope onse amene mupezeko muwachotse.