Zinthu 6 za katemera zimene sizimveka pamzere wa kusikelo

Pamzere wa kusikelo nkhani sizitha. Uyu akuti wake anachezera kulira usiku wonse atabayitsa, uyo akuti jakisoni mmodzi amakwana moyo wonse. Mayi wofunsa zoterezi ngwosamala mwana wake, ndipo ayenera kuyankhidwa zoona.

1. Mphekesera yaikulu inachokera pa ana 12 okha. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya The Lancet nkhani yokayikitsa katemera wa chikuku kuti amayambitsa autism, vuto limene mwana amavutika nalo kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Zinadzaululika kuti kafukufukuyo anali wachinyengo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, iyenso analandidwa chiphaso cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse.

2. Ku Samoa makanda awiri anamwaliradi atangobayidwa mu 2018. Katemerayo analibe mlandu: anamwino anamusungunula ndi mankhwala ofooketsa minofu m'malo mwa madzi ake. Makolo anachita mantha, nasiya kubayitsa. Chaka chotsatira chikuku chinapha anthu 83, ambiri ana osakwana zaka 5. Nkhaniyi imandiwawa mtima, chifukwa makolowo ankaona ngati akuteteza ana awo.

3. Chikuku chimaiwalitsa thupi. Ena amati bola mwana adwale kamodzi akhwime. N'zoona, wochira sadwalanso chikuku, koma kachiromboka kamapha timaselo tosunga chikumbukiro cha matenda ena amene thupi linawagonjetsa kale. Zidzolo zatha, maso ayera, koma mwana watsala pambalambanda, chibayo ndi kutsegula m'mimba zikungomupeza. Katemera sachita zimenezi. Akabayidwa kawiri, ana pafupifupi 97 mwa 100 alionse amatetezeka, ambiri moyo wawo wonse. N'chifukwa chake katemera wa chikuku wa pamiyezi 9 uja amafuna mnzake wa pamiyezi 15.

4. Kafumbata ngwosiyana: ngakhale udwale n'kuchira, thupi silipeza chitetezo. Cha katemera nacho chimazilala pakapita zaka, ndiye amayi oyembekezera amabayidwanso, khanda n'kubadwa litatengako chitetezo cha mayi ake.

5. Katemera wa malungo woperekedwa kusikelo anayambira kuno. Mu Epulo 2019 Malawi ndiye anatsogola, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Koma mphamvu yake imachepa msanga, motero amabayidwa kanayi, ndipo wachinayi uja, wobwera mwana akuthamanga kale pabwalo, ndi amene amaiwalika kawirikawiri. Choncho neti yoteteza ku udzudzu musapinde.

6. Matenda oiwalika amabwerera. Mu 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo woyenda yekha m'chilengedwe. Mu Febuluwale 2022 anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, kachirombo kake kofanana ndi ka ku Pakistan.

Kutentha thupi tsiku limodzi kapena awiri, kaya kutupa pang'ono pobayidwapo, n'zachizolowezi. Mwana akabanika, akakomoka, kapena kutentha kukapitirira, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti wabayitsa liti.

Amayi, abambo, agogo olera zidzukulu, tulutsani buku la kusikelo madzulo ano. Ngati pali tsiku limene linadumphidwa, pitani nalo kwa mlangizi wa zaumoyo. Sayambiranso pachiyambi, amangopitiriza pamene munalekezera.